Kodi amayi a zaka 72 angapirire chithandizo cha khansa?

Kalata ya owerenga

"Ndine mayi wa zaka 44 ndipo ndimakhala ku Mulanje. Amayi anga ali ndi zaka 72 ndipo anasiya kusamba kalekale. Chaka chatha anayamba kuona magazi apo ndi apo koma sanauze munthu, mpaka mng'ono wanga anadzazindikira pochapa zovala zawo. Kuchipatala anawadula kachidutswa ka mnofu n'kutumiza kokayeza, ndipo zotsatira zabwera zoti ndi khansa ya khomo la chiberekero. Atipatsa kalata yopita ku Queens. Amalume, amene ndi alongo awo a amayi, akuti tisawavutitse chifukwa akula ndipo mankhwala a khansa amamaliza anthu okalamba. Akutinso tisawauze dzina la matendawa poopa kuti angataye mtima. Amayi amamwa mankhwala a BP, koma amadziphikira okha ndipo mpaka chaka chatha ankalima dimba lawo. Kodi pa msinkhu umenewu chithandizo chilipo? Nanga ine ndi ana anga aakazi, wina wa zaka 25 ndi wina wa zaka 11, tili pangozi yodwala matenda omwewa?"

Yankho

Mayi, zikomo kwambiri chifukwa cha kalata yanu, ndipo pepani ndi matenda amene agwa pakhomo panu. Ndiyambe ndi funso limene likukusowetsani tulo. Chithandizo chilipo, ndipo zaka 72 pazokha si chifukwa chokwanira chowamanira amayi anu mwayi wokaonana ndi madokotala a khansa. Pa ntchito yanga ya unamwino pakati pa odwala khansa ndaona agogo opitirira zaka 75 akumaliza chithandizo chonse n'kubwerera kumudzi, ndipo ndaonanso anthu a zaka za m'ma 50 amene matupi awo anali atafookeratu, moti madokotala anaona kuti mankhwala amphamvu angawapweteke koposa kuwathandiza. Chimene timayang'ana ndi mphamvu zimene thupi latsala nazo, pamene matenda afika, ndi zimene mwiniwake akufuna. Kalata imene mwapatsidwayo musaisunge m'sutikesi. Pitani nawo pa tsiku limene mwauzidwa, chifukwa kufika ku Queens sikutanthauza kuti mwavomera kale chithandizo china chilichonse. Mukupita kukamva kuti matenda afika pati ndi njira zimene zilipo, kuti banja lidzasankhe likudziwa chimene likusankha.

Musawaimbe mlandu amayi chifukwa chobisa. Amayi a msinkhu wawo anakula ndi mwambo woti nkhani za kumaliseche sizikambidwa ndi ana obereka wekha, ndipo ambiri akaona magazi amaganiza kuti msambo wabwerera, kapena amachita manyazi poopa kuti anthu awaganizira zina. Koma kwa inu ndi owerenga ena ndinene momveka kuti mayi akatha chaka chathunthu asakusamba, magazi aliwonse otuluka kumaliseche, ngakhale kadontho pa chitenje, ndi oyenera kukaonetsa kuchipatala. Nthawi zambiri gwero lake silikhala khansa, pena amakhala kuti khungu la njira ya chiberekero lapyapyala chifukwa cha ukalamba kapena pamera kachotupa kosaopsa. Komabe khansa ya khomo la chiberekero ndi ya mkati mwa chiberekero zimayamba ndi chizindikiro chomwechi, ndipo palibe amene angazisiyanitse pongomva nkhani popanda kupima.

Namwino wodziwa ntchito akalandira wodwala wachikulire, amayamba ndi kufunsa mmene munthuyo amathera tsiku lake. Kodi amadzuka yekha pamphasa? Amasamba, kuvala ndi kupita kuchimbudzi popanda womugwira? Amatha kuyenda mpaka kutchalitchi kapena kumsika? Kapena amakhala chigonere kuposa theka la tsiku? Madokotala a khansa ali ndi muyeso umene umayambira pa 0, kwa munthu amene akugwira ntchito zake zonse, kufika pa 4, kwa amene sangathe kudzuka pogona. Kawirikawiri amene ali pa 0, pa 1, ndipo nthawi zina pa 2, ndi amene amapatsidwa chithandizo champhamvu. Malinga ndi zimene mwalemba, zoti amadziphikira okha ndipo ankalima mpaka chaka chatha, amayi anu akuoneka kuti ali mbali yabwino ya muyesowu, ngakhale chigamulo chenicheni chidzachokera kwa amene adzawapime. Nyumba ziwiri zomangidwa chaka chimodzi sizikalamba mofanana, ina imakhala itang'ambika khoma pamene inzake ikadali yolimba, ndipo anthu a zaka zofanana alinso choncho.

Pali zina zimene banja limadziwa bwino kuposa ife a kuchipatala, ndipo muyenera kukazinena ngakhale simunafunsidwe. Ngati amayi aonda m'miyezi yapitayi, moti siketi imene inkawakwana tsopano akuimanga ndi chingwe, kanenani. Ngati anagwapo, ngati ayamba kuiwala mphika pamoto, ngati sakumva bwino, ngati chilakolako cha chakudya chatha, kapena akungokhala ndwii osafuna kucheza, zonsezi zimasintha mmene dokotala angakonzere chithandizo. Mutengenso mankhwala onse amene amamwa, muwaike m'jumbo imodzi pamodzi ndi buku lawo la kuchipatala ndi pepala la zotsatira zija: a BP, opha ululu amene amagula pagolosale, ndiponso azitsamba ngati alipo. Sitifunsa za azitsamba kuti tikudzudzuleni. Timafunsa chifukwa ena amavulaza chiwindi ndi impso, ndipo dokotala sangateteze chimene sakuchidziwa.

Pa zoyeza zonse zimene adzachite, ndikufuna mutchere khutu kwambiri pa za impso. Njira ziwiri zimene zimatenga mkodzo kuchokera ku impso kupita kuchikhodzodzo zimadutsa pafupi kwambiri ndi khomo la chiberekero, ndiye chotupa chikakula chimatha kuzifinya, mkodzo n'kumabwerera m'mbuyo, impso n'kuyamba kutupa mwakachetechete popanda ululu wodziwika. Kuwonjezera apo, impso za munthu aliyense zimachepa mphamvu akamakula, ndipo BP ya zaka zambiri imazifooketsanso. N'chifukwa chake adzawajambula pamimba ndi sikani ndi kuwatenga magazi oyeza creatinine, amene amasonyeza mmene impso zikusefera. Adzayezanso kuchuluka kwa magazi, popeza munthu amene wakhala akutaya magazi kwa miyezi amakhala atachepekedwa, ndipo nthawi zina amafunika kumuwonjezera magazi chithandizo chisanayambe. Musadabwe akapempha kuwayeza HIV. Ambiri amaona ngati kufunsa agogo zimenezi n'kuwanyoza, koma amayi amene ali ndi HIV ali ndi chiopsezo cha khansa imeneyi chochuluka pafupifupi kasanu ndi kamodzi poyerekeza ndi amene alibe, ndipo lero tili ndi anthu ambiri amene akalamba akumwa ma ARV. Kwa amene akumwa kale, mankhwala a tenofovir amene ali m'mapiritsi ambiri amalemetsanso impso, choncho dokotala ayenera kudziwa, koma wodwala asasiye yekha kumwa.

Khansa imeneyi amaigawa m'magawo anayi. Pa gawo loyamba imakhala ikadali pa khomo la chiberekero pokha, ndipo ngati chotupa chili chaching'ono, opaleshoni yochotsa chiberekero pamodzi ndi minofu yozungulira imatha kuchiritsiratu. Pa gawo lachiwiri ndi lachitatu imakhala itafalikira ku minofu yapafupi, ku njira ya chiberekero kapena ku khoma la chiuno, ndipo pamenepo chithandizo chachikulu ndi radiotherapy, kutanthauza kupha chotupa ndi cheza chochokera m'makina, imene kawirikawiri imaphatikizidwa ndi kemo, mankhwala amphamvu olimbana ndi khansa, makamaka otchedwa cisplatin opatsidwa pa dilipi kamodzi pa sabata. Cholinga pa magawo amenewa chimakhalabe kuchiritsa. Pa gawo lachinayi imakhala italowa m'chikhodzodzo kapena m'matumbo, kapena itafika kutali monga kumapapo, kuchiwindi ndi m'mafupa, ndipo apa nthawi zambiri cholinga chimakhala kuchepetsa liwiro la matenda, kuletsa magazi ndi kuthetsa ululu. Funso limene simuyenera kuchoka m'chipinda cha dokotala musanafunse ndi ili: kodi chithandizo chimene mukunenachi ndi chochiritsa, kapena ndi chochepetsa mavuto? Mabanja ambiri amagulitsa mbuzi ndi njinga asanamve yankho la funso limeneli.

Radiotherapy siwawa pa nthawi imene ikuperekedwa. Wodwala amagona pa tebulo kwa mphindi zochepa, makina n'kumazungulira osamukhudza, ndipo amabwera tsiku lililonse kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu kwa masabata pafupifupi asanu. Kenako pamakhala gawo lina la mkati, pamene kachipangizo kamaikidwa pafupi ndi chotupa penipeni. Zonse zimayenera kutha mkati mwa masabata asanu ndi atatu, chifukwa kudumphadumpha masiku kumapatsa khansa mpata woyambiranso kukula. Kwa zaka zambiri dziko lathu linalibe makina amenewa, moti odwala ochepa amene anali ndi mwayi ankatumizidwa ku Zambia, Tanzania, Kenya kapena India, ndipo madokotala kuno nthawi zina ankayamba ndi kemo kuti chotupa chichepe kenako n'kuchita opaleshoni. Bungwe la madokotala la Médecins Sans Frontières, limene linayamba ntchito ya khansa imeneyi ku Blantyre mu 2018, linatumizapo amayi ena ku Kenya. M'zaka zaposachedwapa makinawa afika m'dziko muno, ku chipatala china cholipira ku Blantyre ndiponso ku National Cancer Centre imene ili pa Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe. Mukafunse madokotala a ku Queens kuti pakali pano akutumiza kuti odwala, mzere ndi wautali bwanji, ndipo banja likonzekere ndalama zanji za mayendedwe, chakudya ndi pogona.

Amalume sakulankhula zopanda mutu, ndipo ndi bwino muwavomereze pamene akunena zoona. Chithandizo cha khansa chimalemera kwambiri pa thupi la munthu wachikulire. Cisplatin amatha kuvulaza impso, kuchepetsa kumva, ndi kuchititsa dzanzi m'manja ndi m'mapazi, zimene kwa agogo zimatanthauza kugwa. Kemo amachepetsanso asilikali a m'magazi, moti kamatenda kakang'ono kamatha kukula msanga. Radiotherapy ya m'chiuno imabweretsa kutsegula m'mimba, kutentha pokodza ndi kutopa, ndipo munthu wokalamba amatha madzi m'thupi mofulumira kuposa wachinyamata chifukwa samva ludzu msanga. Opaleshoni yaikulu nayo ili ndi zoopsa zake, monga chibayo, kuundana kwa magazi m'miyendo ndi kusokonezeka mutu kwa masiku angapo. Pamene ndikusiyana ndi amalume ndi poti iwo akuona njira ziwiri zokha, kulandira zonse kapena kusalandira kanthu, pamene pakati pali njira zambiri. Ngati impso zili zofooka, dokotala angapereke radiotherapy yokha popanda cisplatin, ndipo imathandizabe kwambiri, kapena angasankhe mankhwala ena monga carboplatin amene savutitsa impso mofanana. Ngati thupi silingapirire masabata onsewo, pali radiotherapy ya masiku ochepa imene cholinga chake ndi kuletsa magazi ndi kuchepetsa ululu. Ndipo tizikumbukira kuti kusalandira chithandizo nako kuli ndi mtengo wake: khansa ya khomo la chiberekero ikasiyidwa imabweretsa kutaya magazi kosalekeza, chikazi chonunkha, ululu wa m'chiuno ndi m'miyendo, kutsekeka kwa impso, ndipo nthawi zina imaboola chikhodzodzo kapena matumbo. Amene akuti "asiyeni apume" ayenera kudziwa kuti kupumako sikukhala kwa mtendere ngati palibe chimene chachitika.

Ngati mwasankha chithandizo, khalani pansi monga banja musanayambe n'kugwirizana za gadiyani. Masabata asanu ndi atatu ndi ambiri kwa munthu mmodzi amene alinso ndi ana ndi munda, ndipo odwala ambiri amene ndawaona akusiyira panjira sanasiye chifukwa cha mankhwala, koma chifukwa gadiyani anatopa kapena ndalama ya minibasi inatha.

Tsopano nkhani yowabisira dzina la matenda. Ndikumvetsa chimene amalume akuopa, ndipo ndikudziwa kuti mawu a mwinimbumba sangodumphidwa, koma apa ndikupemphani kuti muwachonderere asinthe maganizo. Amayi amene akhala akutaya magazi mobisa kwa miyezi yonseyi akudziwa kale kuti m'thupi mwawo muli chinthu chachikulu. Akafika kuchipatala adzakhala pa benchi limodzi ndi amayi ena amene amatchula matenda awo poyera, ndipo adzamva dzinalo kwa mlendo m'malo molimva kwa anthu owakonda. Chimene chimachitika m'mabanja obisirana n'chomvetsa chisoni: wodwala akudziwa, ana akudziwa, koma aliyense akunamizira kusadziwa pofuna kuteteza mnzake, ndipo wodwalayo amatsala yekha ndi mantha ake usiku. Palinso mfundo ina yosazembeka. Opaleshoni, kemo ndi radiotherapy zimafuna kuti mwiniwake avomere posaina kapena kudinda chala, ndipo munthu wa nzeru zake sangavomere chinthu chimene sanauzidwe. Kukalamba sikuchotsa ufulu umenewu.

Kuwauza sikutanthauza kuwaponyera mawu onse nthawi imodzi. Mmene timachitira ndi kuti timakhala nawo pamalo opanda anthu ambiri, pamodzi ndi wachibale mmodzi kapena awiri amene iwo asankha, n'kuyamba ndi funso lakuti, "Amayi, inuyo mukuganiza kuti chikuchitika n'chiyani m'thupi mwanu?" Mayankho ake amadabwitsa ana, chifukwa kawirikawiri agogo amatchula okha dzinalo, kapena amanena za mnzawo wa kumpingo amene anadwala zofanana. Kenako timafunsa kuti, "Kodi mukufuna adokotala akufotokozereni zonse, kapena mukufuna afotokozere ana anu?" Alipo amene amati, "Auzeni anawa, ine ndingomva zochita," ndipo timalemekeza zimenezo chifukwa asankha okha. Pomaliza timafunsa chimene chili chofunika kwambiri kwa iwo. Ena amafuna kuyesa chilichonse kuti aone zidzukulu zikukula, ena amaopa kwambiri kufera kuchipatala kutali ndi kwawo, ena ali ndi nkhani ya munda kapena mkangano wakale umene akufuna kukonza akadali ndi mphamvu. Ngati amayi anu, atamva zonse, anganene kuti sakufuna kemo, chimenecho sichikhala kulephera kwa banja, ndipo chisamaliro sichithera pamenepo. Ndingakulangizeni kuti muwapemphe amalume apite nanu ku Queens. Munthu amene wamva yekha kuchokera kwa dokotala, n'kufunsa mafunso ake, savuta ngati amene wangouzidwa pafoni kuti ana achita zinthu osamufunsa.

Kaya mwasankha njira iti, pemphani kuti amayi alembetsedwe ku chisamaliro cha odwala matenda a mgonagona kuyambira panopa. Ku Queens kuli Tiyanjane, ku Salima kuli Ndi Moyo, ndipo zipatala zambiri za m'maboma zili ndi anamwino ophunzira ntchito imeneyi. Anthu amaganiza kuti kumeneku amatumizako amene atsala pang'ono kumwalira, koma ntchito yawo ndi kuthetsa ululu, fungo, nseru ndi nkhawa, ndipo imayenda limodzi ndi chithandizo chochiritsa. Pa ululu wochepa Panado ndi wokwanira, koma musawapatse Brufen, Indocid, diclofenac kapena aspirin popanda dokotala kuvomereza, chifukwa kwa munthu wachikulire wa BP amene akutaya magazi mankhwalawa amawonjezera kutayako ndi kuvulaza impso ndi chifu. Ululu ukakula pali mofini wamadzi, amene amamwedwa motsata nthawi, kawirikawiri maola anayi aliwonse, osati kudikira kuti ululu ufike pachimake. Kwa okalamba timayamba ndi mlingo wochepa, ndipo ngati impso zili zofooka timatalikitsa nthawi. Masiku oyamba amabweretsa tulo ndi nseru zimene zimatha zokha, koma kudzimbidwa sikutha, choncho mankhwala ofewetsa chimbudzi aziperekedwa limodzi kuyambira tsiku loyamba. Mofini woperekedwa moyenera safupikitsa moyo, ndipo ndaona agogo amene anali atasiya kudya chifukwa cha ululu akuyambiranso kukhala pakhonde atayamba kumwa.

Fungo ndi limene limachotsa ulemu wa amayi ambiri kuposa ululu, moti amasiya kupita kutchalitchi n'kumadzitsekera m'nyumba. Limachokera ku tizilombo timene timamera pa chotupa, ndipo Flagyl, amene namwino angakuuzeni kagwiritsidwe kake, amalichepetsa m'masiku ochepa. Azisamba kunja kokha ndi madzi oyera, azisintha nsalu pafupipafupi, ndipo asaike zitsamba, sopo kapena china chilichonse mkati, chifukwa chotupa chimatuluka magazi chikangokhudzidwa. Pa chakudya, musamvere amene akuti wodwala khansa asadye nyama, mazira kapena shuga. Munthu wachikulire amene akukonzekera chithandizo amafunika kusunga thupi, ndipo phala la mgaiwa lothira nsinjiro, mazira, usipa, nyemba, mkaka ndi mapeyala, zoperekedwa pang'onopang'ono kangapo pa tsiku, n'zimene zimamugwira. Azimwa madzi ngakhale sakumva ludzu, ndipo aziyendako tsiku lililonse, chifukwa masiku ochepa chabe ogona amachotsa mphamvu za m'miyendo zimene kwa agogo zimavuta kubwerera.

Pali zizindikiro zimene simuyenera kudikira nazo tsiku la kalata kapena kuti kuche. Ngati magazi akutuluka ambiri moti nsalu ikunyowa mkati mwa ola limodzi, kapena akutuluka zibuma, kapena amayi akuchita chizungulire akaimirira, thamangirani nawo ku chipatala chapafupi. Chitani chimodzimodzi ngati atha tsiku lonse osakodza kapena mkodzo wachepa kwambiri, ngati akusanza kapena kutsegula m'mimba mpaka kulephera kumwa, ngati mwendo umodzi watupa ndi kuwawa, kapena mkodzo ndi chimbudzi zayamba kutulukira ku njira ya chiberekero. Akadzayamba kemo, kutentha thupi kofika madigiri 38 ndi ngozi ngakhale pakati pa usiku. Musangowapatsa Panado kapena mankhwala a malungo kunyumba, pitani nawo ndipo mukanene pofika kuti akulandira kemo. Chomaliza ndi kusokonezeka mutu kwadzidzidzi. Agogo akayamba kulankhula zosamveka, kuona anthu amene palibe kapena kufuna kutuluka panja usiku, anthu amafulumira kunena za ufiti, ndipo okalamba ambiri m'dziko muno azunzidwa chifukwa cha mawu oterewa. Kwa wodwala khansa, chimenechi kawirikawiri chimasonyeza kuti thupi lagwidwa ndi tizilombo, impso zatsekeka, madzi atha m'thupi kapena mankhwala achuluka, ndipo zambiri mwa izi zimakonzeka akafika msanga.

Pa funso lanu lachiwiri, mtima ukhale m'malo. Khansa ya khomo la chiberekero si ya kumtundu, ndipo simungaitenge pochapa nsalu za amayi, kuwasambitsa kapena kudyera nawo mbale imodzi. Pafupifupi yonse imayamba ndi kachilombo ka HPV, kamene kamafala pogonana ndipo n'kofala kwambiri moti anthu ochuluka amakatengapo pa moyo wawo, ngakhale amene akhala ndi mwamuna mmodzi yekha. Mwa ambiri thupi limakachotsa lokha. Mwa ochepa kamakhalitsa n'kuyamba kusintha khungu la pakhomo la chiberekero pang'onopang'ono, ndipo pamatha zaka 15 mpaka 20 kuti khansa ioneke, kapena zaka 5 mpaka 10 mwa amene chitetezo chawo chatsika ndi HIV. Choncho pasapezeke wina m'banja woyamba kufufuza za khalidwe la amayi kapena la bambo. Matendawa sanena kanthu za zimenezo. Chiopsezo chanu ndi cha ana anu sichisiyana kwambiri ndi cha mayi wina aliyense m'Malawi, koma chimenecho pachokha si chaching'ono, popeza dziko lathu lili m'gulu la mayiko amene khansa imeneyi ndi yochuluka kwambiri. Chiwerengero cha bungwe la WHO cha 2020 chinasonyeza kuti amayi oposa 4,000 amapezeka nayo chaka chilichonse ndipo pafupifupi 3,000 amamwalira.

Zaka zambiri zimene kachilomboka kamatenga ndi zimene zimatipatsa mpata. Inuyo pa zaka 44 ndi mwana wanu wa zaka 25 muli mu msinkhu umene boma limalimbikitsa kuyezetsa, wa zaka 25 mpaka 49, ndipo musachite mawamawa. Kuyezako n'kwaulere m'zipatala za boma ndipo kumatenga mphindi zochepa. Namwino amalowetsa kachipangizo kotsegulira njira, amapaka viniga pa khomo la chiberekero ndi thonje, n'kudikira mphindi imodzi; malo amene ayamba kusintha amayera, ndipo amaoneka ndi maso. Malo oterewa si khansa, ndi chiyambi chabe, ndipo m'zipatala zambiri amawathetsa tsiku lomwelo ndi kachipangizo kotentha kamene kamakhudzitsidwa pamalopo kwa nthawi yosakwana mphindi imodzi. Pambuyo pake pamatuluka madzimadzi kwa masabata angapo, ndipo mayi amauzidwa kuti asakhale malo amodzi ndi bambo kwa mwezi. Malo ena tsopano amayeza kachilombo ka HPV kenikeniko, ndipo mayi amatha kudzitenga yekha zoyezazo ndi kathonje. Akakuyezani adzakulemberani m'buku tsiku lobwereranso, ndipo amene ali ndi HIV amabwerera pafupipafupi.

Mwana wanu wa zaka 11 ali ndi mwayi umene inu ndi amayi anu simunakhale nawo. Katemera wa HPV anayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2019, atayesedwa kaye ku Zomba ndi ku Rumphi, ndipo amateteza ku mitundu 16 ndi 18 ya kachilomboka, imene imayambitsa pafupifupi 70 mwa khansa 100 zilizonse za khomo la chiberekero. Amagwira bwino kwambiri akaperekedwa mwana asanayambe zogonana, n'chifukwa chake amalunjika atsikana a zaka 9 mpaka 14. Onani m'buku lake ngati analandira kusukulu, ndipo ngati sanalandire, funsani alangizi a zaumoyo a m'dera lanu. Mphekesera zoti katemerayu amatseketsa kubereka n'zabodza. Atsikana mamiliyoni ambiri analandira m'mayiko osiyanasiyana kuyambira 2006 ndipo akubereka bwinobwino. Akadzakula adzayenerabe kuyezetsa, chifukwa katemera sateteza ku mitundu yonse.

Otsala ndi amayi opitirira zaka 50, monga abale ake a amayi anu, ndipo apa ndikulankhulanso kwa anamwino anzanga. Kuyeza kwa viniga sikudalirika kwenikweni mayi akasiya kusamba, chifukwa malo amene khansa imayambira amalowa mkati mwa khomo la chiberekero kumene maso safika, ndiye mayi wachikulire amene sanayezetsepo amathandizidwa bwino ndi kuyeza HPV kumene kulipo. Koma amene akuona magazi kapena chikazi chachilendo sakufunika kuyeza kwa anthu abwinobwino, akufunika kupimidwa ngati wodwala tsiku lomwelo, posatengera zaka zake. Amayi anu, Mayi, ankapita kukatenga mankhwala a BP pa nthawi imene ankataya magazi, ndipo agogo ambiri amadutsa m'manja mwathu chomwecho mwezi ndi mwezi, kuyezedwa pamkono n'kupatsidwa mapiritsi. Maganizo anga ndi akuti namwino aliyense wa ku kiliniki ya BP ndi shuga azifunsa mayi wachikulire aliyense, motsitsa mawu ndi pomwe anthu sakumva, ngati akuona magazi kapena chikazi, ndiponso ngati wamva chotupa m'bere. Agogo amene sangauze mwana wawo amayankha namwino akafunsidwa mwaulemu. Abambo achikulire nawo azifunsidwa ngati mkodzo ukuvuta kutuluka ndiponso ngati nsima yayamba kuima pakhosi, chifukwa khansa ya kummero ndi yochuluka kwambiri kuno kwathu, ndipo munthu amene wayamba kusiya nsima n'kumangofuna phala ayenera kutumizidwa kukapimidwa m'sabata yomweyo.